Thanthwe Lili ndi Ming'alu Yace

M'mbali mwa miseu mumakhala anthu oswa miyala ya kumangira nyumba. Mnyamata wacilendo pa nchitoyi amamenya mwala ndi mphamvu zace zonse, natopa dzuwa lisanafike pamutu, mwalawo uli cikhalire. Koma mkulu wozolowera samenya msanga ai. Iye amayamba wauzungulira mwalawo, naupenyetsetsa, kufikira atapeza kamzere kocepa ngati ulusi. Pamenepo ndipo amenyapo ndi nyundo yace, mwala nugawika pawiri ngati dzungu.

Nzeru ya mkuluyu ndiyo imene aifuna mainjiniya, anthu aja omanga milatho, miseu ndi madamu. Thanthwe likaoneka patali munthu ayesa kuti ndi cinthu cimodzi colimba, koma m'kati mwace muli ming'alu yambiri. Ina inabadwa pamene mwala wosungunuka unali kuzizira ndi kufota, monga ling'alukira dothi la m'dambo m'cilimwe. Ina inadza pamene nthaka inali kukanikizana. Inanso imaoneka pamene katundu wa pamwamba wakokoloka, thanthwe nilisendeka ngati anyezi, monga zionekera pa mapiri a Mulanje. Ming'alu imeneyi imayenda m'magulu, yambiri yopenya mbali imodzi.

Palinso cinthu cina, ndico msoko wa pakati pa miyala ya mibadwo iwiri. M'caka ca 1788 James Hutton, pamodzi ndi anzace John Playfair ndi James Hall, anapita pa bwato ku Siccar Point, m'mphepete mwa nyanja ya ku Scotland. Kumeneko anaona miyala yotuwa itaimirira ngati mitengo ya mpanda, ndi pamwamba pace miyala yofiira itagona ngati mphasa zoyala. Hutton anazindikira kuti miyala ya pansi inayamba yagona pansi pa nyanja, inapindika niimirira, inaperepeseka ndi madzi, ndipo pambuyo pace mcenga watsopano unaunjikana pamwamba nusanduka mwala. Akatswiri a masiku ano awerenga kuti pakati pa mibadwo iwiriyo panapita zaka ngati 65 miliyoni. Msoko wotere ulipo ndi ku Livingstonia, kumene miyala ya malasha inagona pa thanthwe lakalekale. Pa msoko pamapezeka miyala yofumbwa ndi dothi lakale, ndipo kawirikawiri pamenepo pamayenda madzi.

Madziwo ndiwo mwini nkhani. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pansi pa nthaka khwawa lace ndilo mng'alu ndi msoko. Madzi akalowa m'mng'alu amakankha mbali zonse ziwiri, nafewetsa dongo lili m'katimo, kufikira mwala waukulu uterereka pa unzace.

Za ici anthu a ku France anaphunzira ndi misozi. Pa mtsinje wa Reyran, kumtunda kwa mzinda wa Fréjus, panamangidwa damu la Malpasset, limene linatha mu 1954. Wolilemba anali André Coyne, katswiri womveka pa dziko lonse. Kumapeto kwa 1959 kunagwa mvula yaikuru, damu nilidzala. Usiku wa pa 2 December khoma linagumuka, ndipo cigumula cinapha anthu 423. Ofufuza anapeza kuti sementi inalibe cirema. Colakwa cinali m'thanthwe. Pansi pa mbali ya kumanzere panali mng'alu waukuru wodzala dongo, umene omanga sanauone. Madzi a m'damu analowa m'mizere ya thanthwelo, nasowa poturukira, nakankha cigamphu ca mwala pamodzi ndi khoma limene linatsamirapo. Coyne anamwalira caka cotsatira, mu 1960.

Munthu yemweyo ndiye analemba damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, limene linamangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959. Khoma lace ndi la msinkhu wa mapazi 420, ndipo lili ndi zitseko zisanu ndi cimodzi zoturutsira madzi. Khomalo linaima nji, koma ming'alu sinagone tulo. Zitseko zikatseguka, madzi anali kugwa ndi mphamvu kutsinde kwa khoma, nalowa m'ming'alu, nazula miyala umodzi umodzi monga munthu azula njerwa za nyumba yakale. M'kupita kwa zaka anakumba dzenje lakuya koposa mapazi 250. Akatswiri anaopa kuti dzenjelo lingafike ku maziko, pakuti kumunsi kwa Kariba kuli midzi yosawerengeka, ndiponso damu la Cahora Bassa ku Mozambique. Cifukwa cace mu 2017 inayambika nchito ya kusema thanthwe kumunsi kwa dzenjelo ndi kulikuza, kuti madzi azituruka osabwerera kukadya maziko.

Tsono mainjiniya anzeru samanga asanafunse thanthwe. Amaboola nthaka ndi makina, naturutsa mwala wobulungira ngati munsi, nauyala m'mabokosi, nawerenga ming'alu yace: yapenya kuti, yatalikirana motani, ndipo m'kati muli dongo kapena ai. Akaipeza amathiramo phala la sementi, namanga miyala ndi zitsulo zazitali, naboolanso timabowo tina dala kuti madzi apeze njira yoturukira. Nchito imeneyi imadya ndalama zambiri, ndipo damu likatha palibe mlendo aiona kapena kuitama. Koma ndiyo imene isunga miyoyo ya anthu ogona kumunsi.

Nzeru yomweyi ithandiza ndi munthu wa kumudzi. Wokumba citsime pa malo a thanthwe sapeza madzi m'mwala weniweni, koma m'ming'alu yace. Wokumba cimbudzi aciike kutali ndi citsime, pakuti mng'alu umatenga zonyansa osazisefa. Womanga nyumba m'tsinde mwa phiri ayambe wapenya ngati mizere ya thanthwe yapendekera ku bwalo lace, ndi ngati pamatsika madzi m'dzinja.

Mkulu uja wa m'mbali mwa mseu sanalowe m'sukulu, koma adziwa cimene Malpasset anaphunzitsa ophunzira: kuti mphamvu ya mwala siiyesedwa pamene uli wolimba, koma pamene unang'aluka.