Za Khungu Louma la Mlongo Wanga

Ndifuna kukusimbirani za mlongo wanga wa kuno ku Malindi, pakuti nkhani yake ingathandize wina mwa inu.

Chaka china, pa nyengo ya mwera, zala zake zinayamba kuyera ndi kuzizira potsuka mbale kunyanja m'mamawa. Pambuyo pake khungu la m'manja linauma, nilinyezimira, nilikakamira ku mafupa, kotero kuti sanathenso kufumbata mpini wa khasu. Anthu anati ndi khate, ndipo akazi anzake analeka kudya naye. Amalume anapita naye kukatemetsa mphini, koma mabalawo anachedwa kupola, chifukwa magazi sayenda bwino m'khungu lotere. Ine, wophunzitsa ena, ndinakhala chete, ndipo ndichita nazo manyazi kufikira lero.

Potsiriza tinapita kuchipatala. Dokotala sanatenge mpeni ai. Anamuuza kuti atsinzine, namkhudza ndi thonje, ndipo iye anamva paliponse; koma banga la khate silimva thonje. Atatero anatsina khungu ndi zala ziwiri pa malo 17: kumaso, pachifuwa, pamimba, m'zala, m'manja, m'mikono, m'ntchafu, m'miyendo ndi m'mapazi. Pofewa analemba 0, posatsinika konse 3. Zonse pamodzi sizipitirira 51. Njira imeneyi itchedwa ndi dzina la Gerald Rodnan wa ku Pittsburgh, amene mu 1979 anaonetsa kuti zala za dokotala zinena chimodzimodzi ndi kachidutswa ka khungu kodulidwa ndi kuyesedwa pa sikelo.

Nthendayo ndi scleroderma, ndiko kunena khungu louma. Igwira akazi koposa amuna, ndipo sipatsirana. Mankhwala oichotseratu palibe. Koma chiwerengero chija chikakwera msanga, dokotala adziwa kuti ayenera kuyang'anira impso ndi mapapo nthawi isanathe. Chifukwa chake mlongo wanga apita kawirikawiri kukatsinidwa ndi kukayesedwa kuthamanga kwa magazi. Afunditsa manja ake, nadzola mafuta, ndipo atsuka mbale ndi madzi ofunda.

Tsono, abale, khungu la munthu likasanduka, musalitemere lumo, ndipo musamsale mwini wake. Fulumirani naye kuchipatala, pakuti ngakhale khate lenileni lichira ndi mankhwala. Lero mlongo wanga adya nafe m'mbale imodzi, ndipo ine ndimnyemera nsima.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa ku Malindi