Tsiku lomwe bambo sanachione chilumba cha Thumbi

Tinanyamuka m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear m'mamawa, mwezi wa Ogasiti, mwera ukuwomba moti asodzi ambiri anali atakokera mabwato awo kumtunda. Kuzizira kunali kusanatheretu. Ine ndinavala juzi, bambo anavala jekete lawo lakale lomwe ankapita nalo kusukulu asanapume pa ntchito ya uphunzitsi.

Ulendowu ndinaukonza ndine. Kunena zoona, chomwe ndinkafuna kwambiri chinali chithunzi: ine nditaima pathanthwe, nyanja ili kumbuyo, basi n'kuika pa WhatsApp. Bambo ndinawatenga chifukwa chimwalirireni mayi ankangokhala pakhonde ndi wailesi yawo.

Titalipira pageti la Lake Malawi National Park, tinayamba taima pamanda a amishoni. Apa bambo anasandukanso mphunzitsi. Anandikumbutsa kuti amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Robert Laws, anafika kuno mu 1875, koma malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881. Anatinso pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba monga mbuna. Kenako anati, "Tawerenga zomwe zalembedwa pamwalapo." Ndinawerenga osaganizira kanthu, kuiwala kuti awa ndi bambo omwe moyo wawo wonse ndiwo ankawerengera anthu mokweza.

Kuchoka apo tinayamba kukwera m'miyala ya kumtunda kwa Otter Point. Nyengo imeneyi mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, ndipo masamba oumawo amaterera ukawaponda pathanthwe. Anyani ankatiyang'ana ali phee, mbira zikuothera dzuwa pamiyala. Bambo ankayenda pang'onopang'ono, kufufuza kaye ndi phazi asanaponde. Kawiri konse anapunthwa pamwala woonekeratu.

"Bambo, tafulumirani. Dzuwa likakwera zithunzi sizituluka bwino."

Mawu amenewa amandiwawabe mpaka lero.

Titafika pamwamba, nyanja inali yonse pamaso pathu, mafunde akuchita thovu chifukwa cha mwera. Chilumba cha Thumbi chinali apo, pafupi ndithu, Domwe chakumanja. Bambo anakhala pamwala n'kutchinga dzuwa ndi dzanja.

"Nanga Thumbi uja ali kuti?"

"Si uyo, bambo."

Anayang'ana komwe ndinkaloza, kenako anaseka pang'ono. "Aa, ndi utsi wa lupsa uwu. Ogasiti amatero."

Utsi unalipodi, chifukwa nyengo imeneyi tchire limapsa, koma ine mitengo ya pachilumbapo ndinkaiona bwinobwino. Kwathu mwana sayang'anitsitsa bambo ake m'maso, koma tsiku limenelo ndinatero. Pakati pa maso onse awiri panali kamtambo koyera.

Ndinakhala pansi pambali pawo. Patapita kanthawi anaulula okha kuti papita chaka choposa akuona ngati m'nkhungu. Baibulo anasiya kuwerenga, nyuzipepala chimodzimodzi. Wailesi ija, yomwe tonse tinkati ndi chisoni cha maliro, inali italowa m'malo mwa maso.

"Bwanji osatiuza?"

"Muli ndi zanu, mwana wanga. Sindinafune kukhala katundu."

Ife ana awo tinkawatumizira ndalama pafoni mwezi ndi mwezi, n'kumadziona ngati tikusamala kholo. Koma palibe anakhala nawo tsiku lathunthu kuti aone momwe akuthirira tiyi m'kapu.

Foni ndinaibweza m'thumba. Ndinayamba kuwafotokozera zomwe ndinkaona: bwato limodzi lolimba mtima likulimbana ndi mafunde, madzi obiriwira m'mbali mwa miyala, usipa woyanika kugombe. Mbalame ina italira m'mwamba, anandidula: "Imeneyo usandiuze, ndi nkhwazi." Potsika anaika dzanja paphewa panga, ine n'kumatchula mwala uliwonse.

Sabata yotsatira tinapita kuchipatala cha maso. Adokotala anati ndi ng'ala, vuto lomwe limagwira anthu ambiri akamakula: kagalasi ka m'kati mwa diso kamachita chifunga, ndipo pa opaleshoni yaifupi amakachotsa n'kuikamo kena kochita kupanga. Bambo anavutika chaka chonse ndi chinthu chochizika.

Diso lakumanzere anawapanga kale, lakumanja tikudikira tsiku. Baibulo ayambiranso kuwerenga, mokweza ngati kale. Dzulo anandiimbira foni kufunsa ngati Ogasiti akubwerayu tidzakwerenso kuja. Akuti Thumbi ali naye ngongole.