Tsiku limene ndinavala chitenje cha amayi

Anzanga, ambiri a inu munalipo tsiku la zisudzo teremu yathayi, ndipo mukudziwa kuti agogo aja ankatsokomola n'kumakalipira adzukulu ndinali ine. Ena mpaka lero mukandiona mumakuwa kuti, "Agogo, mwaswera bwanji?" Zimenezo sindikwiya nazo. Koma pali zina zimene zinachitika pambuyo pake, ndipo ndaona kuti ndizilembe pakhoma pano.

M'kalabu yathu ya zisudzo atsikana analipo atatu okha. Timakonzekera tikaweruka, pamene iwo amathamangira kunyumba kukatunga madzi ndi kuphika. Mtsikana amene ankayenera kukhala agogo anasiya kutatsala sabata imodzi. Aphunzitsi anayang'ana uku ndi uku, maso awo n'kugwera pa ine. Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinavomera, poti mawu a agogowo ndinali nditawaloweza kale.

M'mawa wa tsikulo ndinatenga chitenje ndi duku la amayi mobisa, n'kubisa pansi pa makope m'chikwama. Pabwalo ndinapinda msana, n'kuyankhula ngati agogo anga enieni akamafunsa amene wadya ndiwo zam'mawa. Anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Sindinama, zinandikomera.

Mavuto anayamba pobwerera. Pamsika anyamata a kabaza anayamba kukuwa, "Anti Tiwo, tikunyamuleni?" Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Abambo anandidikirira pakhonde. "Iwe, mwana wamwamuna, kuvala chitenje pagulu? Ukufuna kundichititsa manyazi m'mudzi muno?" Usiku umenewo nsima sinatsike kukhosi.

Mawa lake ndinafunsa amalume kuti Anti Tiwo ndi ndani. Anandiuza kuti ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Blantyre mu Disembala 2009. Anthu ankati Tiwonge ndi mwamuna, koma mwiniwake ankati ndi mkazi, ndipo ankavala monga mkazi. Awiriwo anamangidwa, khoti n'kuwalamula kukakhala kundende zaka 14, kenako Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mu Meyi 2010. Ndiye kuti dzina limene ankandinyoza nalo lija ndi la munthu weniweni amene analowa m'ndende, osati nthabwala chabe.

Ndinapita kwa aphunzitsi kukawauza kuti zisudzo ndasiya basi. Iwo sanandikakamize. Anangondiuza kuti ku England, nthawi ya William Shakespeare, akazi sankasewera m'zisudzo, moti Juliet wa m'sewero la Romeo and Juliet ankakhala mnyamata atavala diresi. Akazi anadzayamba kukwera pasiteji kumeneko mu 1660. Anatinso kuno kwathu lamulo la mu 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza, mpaka linathetsedwa pamene tinkalowa m'matipate ambiri. Lero achemwali anga amavala thalauza popita kutauni, ndipo akadali achemwali anga omwewo.

Ndikupita kunyumba ndinakumbukiranso Mariya wa gule wamkulu, amene amatulukira pabwalo atavala zachikazi, akunyada, amayi n'kumamuimbira m'manja. Za kudambwe sindinena, si zanga. Koma sindinaonepo munthu akumugenda.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi. M'mudzi mwathu muli mnyamata wina, dzina sinditchula. Mawu ake ndi ofewa, kayendedwe kake anthu amati n'kachikazi, ndipo amaluka tsitsi kuposa atsikana ambiri. Sukulu anasiyira Sitandade 7 chifukwa chotopa ndi kusekedwa. Ine ndinali mmodzi wa omuseka. Ndinkamuyeseza kuyenda kwake anzanga n'kumafa ndi phwete, ine n'kumadziona ngati dolo.

Sabata yonse imene anthu ankandikuwiza, iye yekha ndi amene anandiimitsa panjira ya kuchigayo n'kundiyankhula bwino. Anati, "Aise, unasewera bwino. Koma duku lija unamanga molakwika, agogo samanga choncho." Ndinaseka, kenako manyazi anandigwira. Ine chitenje ndinavala ola limodzi n'kuvula, ndipo kunyozedwa kwa masiku asanu ndi awiri kunandilepheretsa kudya. Iye mawu ake sangawavule ngati chitenje. Amagona nawo, amadzuka nawo, ndipo amadutsa nawo pamsika womwe uja tsiku lililonse. Ndinamupepesa. Anangoti, "Zinapita zimenezo," koma ine ndikudziwa kuti sukulu yake ndiye inapitadi.

Sindikunena kuti ndamvetsa zonse, ndine wa Fomu 2 chabe. Za malamulo ndi za tchalitchi akuluakulu amakangana okha. Ine ndikungopempha kuti wina akamayenda kapena kuyankhula mosiyana ndi inu, musamusandutse sewero iye asanavomere. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine chinandipeza nditavala duku.

Ku kalabu ndabwerera. Teremu ino andipatsanso mbali ya agogo, ndipo abambo sindinawauzebe. Ndikusakabe tsiku limene adzakhale atakondwa, mwina akadzagulitsa soya. Amayi okha ndi amene akudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ukachifunanso chitenjecho uzipempha, usamabe. Ndipo ukabwera nacho uchichape."

Wophunzira wa Fomu 2