Mjigo Wathu wa pa Intaneti

M'kabati mwanga muli kope lachikuto chofiira, la mtundu womwe ana asukulu amalembamo masamu. Tsamba loyamba lili ndi mayina 12, ndipo kutsogolo kwa dzina lililonse kuli K3,000. Tsamba lomaliza lili ndi dzina limodzi lokha, langa. Pakati pa masamba awiriwa pali miyezi 21 imene ndinali msungichuma wa chinthu chomwe ngakhale mayi a kunyumba sankamvetsa kuti chili pati kwenikweni, popeza sankachiona ndi maso koma ankaona ndalama zikutuluka.

Nkhaniyi idayamba kumapeto kwa chaka cha 2022. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anali atangomaliza maphunziro a zamakompyuta ku Blantyre ndipo ankakhala kwathu kuno pa boma la Mwanza podikira ntchito. Nthawi imeneyo n'kuti Elon Musk atangogula Twitter pa mtengo wa madola 44 biliyoni, ndipo anthu ambiri kunja ankasamukira ku Mastodon, pulogalamu imene mnyamata wina wa ku Germany, Eugen Rochko, adayiyambitsa mu 2016.

"Amalume," adatero usiku wina titakhala pakhonde magetsi atazima, "Facebook ndi esiteti. Mwini wake ndi mmodzi, tonsefe ndife matenanti. Koma iyi ili ngati midzi. Mudzi uliwonse uli ndi seva yakeyake, mfumu yake ndi malamulo ake, koma anthu a m'midziyo amayenderana ndi kuchezerana. Bwanji ife a ku Mwanza tikhale ndi mudzi wathu?"

Ndivomere kuti mawu amenewa adandikhudza pamalo pofewa. Ine ndidakula ndikumva akuluakulu akutsitsa mawu akatchula msewu wa ku Thambani, kumene mu May 1983 kudapezeka mitembo ya a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Aliyense ankadziwa kuti sinali ngozi ya galimoto, koma pakamwa padali potseka kufikira mphepo itasintha m'zaka za m'ma 1990. Munthu wokulira m'bata lotero akamva za bwalo lopanda mwini mmodzi wolitseka, mtima umadumpha. Komanso tinali titamva momwe ku Zambia adatsekera WhatsApp ndi Facebook pa tsiku la chisankho mu August 2021. Ndidadziuzanso kuti zinthu zoyendetsedwa ndi anthu a m'dera si zachilendo kuno: tili ndi makomiti a mijigo, a sukulu, ndiponso telesenta ya Khudze idakhazikitsidwa ndi cholinga choti eni dera aziyiyendetsa okha.

Tidasonkhana anthu 12: aphunzitsi, anamwino awiri, mnyamata wothandiza amalonda kulemba zikalata za katundu pachipata, ogulitsa manachesi mmodzi, ndi ife ogwira ntchito m'boma. Udindo wosunga chuma udagwera ine chifukwa, akuti, kuntchito ndidazolowera mavaucha.

Poyamba tidafuna kuti seva ikhale kuno, m'manja mwathu. Mphwanga adakonza kompyuta yakale n'kuyiika pakona pabalaza. Sidathe milungu itatu. Chaka chimenecho magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, chifukwa namondwe Ana anali ataononga damu la Kapichira mu January, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Seva si wailesi yoti ukazimitsa mawa n'kuyatsanso. Ikazima, mauthenga ochokera m'midzi ina amaunjikana panjira, ena n'kutayika. Tidayesa batire la galimoto, lidafa. Pamapeto pake tidachita zimene anthu ambiri oyendetsa maseva otere amachita, kubwereka malo pa kompyuta ya kampani ina ku Ulaya pa mtengo wa madola 20 pamwezi. Mudzi wathu wa ku Mwanza udakakhala ku Ulaya. Palibe adaseka koma ine ndekha, chamumtima.

Madola 20 nthawi imeneyo anali ndalama zongopitirira pang'ono K20,000, ndipo zopereka zathu zinkakwana n'kutsalako zolipirira dzina la seva, lomwenso limafuna madola chaka ndi chaka. Vuto silinali kuchuluka kwake koma kapezedwe kake. Kawiri konse khadi langa la kubanki lidakanidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Adatipulumutsa ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg: iye ankalipira kumeneko, ine n'kumapereka makwacha kwa mayi ake kumudzi. Bwalo lathu la ufulu linkadalira kuti mnyamata wogwira ntchito pamalo otsukira magalimoto asaiwale tsiku la 5.

Pa miyezi yabwino tidafika anthu 70 ndi mphambu. Ndipo panali zokoma. Ankalengezapo maliro, mitengo ya manachesi pa Zalewa ndi ku Limbe, za mzere wa mathiraki pachipata cha ku Zóbuè. Koposa zonse panali aphunzitsi ena opuma ntchito, mdala wa zaka zoposa 70, amene mdzukulu wawo adawaphunzitsa kulemba pafoni. Madzulo aliwonse ankalemba ndime imodzi m'Chichewa chakupsa: za othawa nkhondo ya ku Mozambique amene adadzaza boma lino m'zaka za m'ma 1980, za masiku amene Neno inali mbali ya Mwanza isanakhale boma palokha mu 2003, za mayina a mitsinje ndi mapiri. Ankati pa WhatsApp mawu awo amakwiririka ndi zithunzi za "mwadzuka bwanji", pomwe apa amakhala pamalo pake.

Koma ambiri sadakhalitse, ndipo sindiwadzudzula. Makampani a mafoni amagulitsa mabando otchipa a WhatsApp ndi Facebook okha, pomwe kulowa pabwalo lathu kunkafuna bando ya intaneti yonse. Kwa mphunzitsi amene malipiro amatha pa 10, ufulu wokwera mtengo kuposa ukapolo ndi nkhani ya m'mabuku.

Chinanso chimene mphwanga sadandiuze pakhonde paja n'choti alendo amadya. Munthu wathu akatsatira wina wa ku Nairobi kapena London, zithunzi ndi makanema a mlendoyo zimakoperedwa pa seva yathu. Nkhokwe inkadzaza ndi katundu wa eni, ndipo tinkayenera kusankha pakati pa kusesa sabata iliyonse ndi kulipira malo oonjezera. Wosesa anali mmodzi yekha, mphwanga yemweyo. Atapeza ntchito ku Lilongwe ankachita zimenezi usiku ali wotopa. Mu February 2024 maseva ang'onoang'ono ambiri padziko lapansi adalowereredwa ndi maakaunti abodza otumiza zinyalala, ndipo ifenso sitidapulumuke. Mnyamatayo adachezera usiku uwiri akufufuta, kwaulere, m'mawa n'kupita kuntchito.

Komabe chimene chidandilanda tulo si makina ayi. Tsiku lina membala wina adalemba kuti mayi wina wa komiti ya maliro m'mudzi mwawo wadya ndalama za chipepeso, ndipo adatchula dzina. Pa Facebook munthu wonyozedwa amadandaula kwa kampani yopanda nkhope ya ku California. Kwa ife mwamuna wa mayiyo adabwera kunyumba kwanga Loweruka m'mawa, n'kukhala pa mpando wanga, chipewa chili pabondo.

"Achimwene, ndamva kuti chinthuchi n'chanu," adatero mwaulemu woopsa. "Ndiye ndati ndiyambe kwa inu ndisanapite kupolisi."

Ndidafuna kufotokoza kuti si changa, n'cha tonse. Mawuwo adandikanika kukhosi, pakuti risiti iliyonse inali m'dzina langa. Ndinkadziwanso kuti lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti lidamangitsapo anthu chifukwa cha zolembalemba, ndipo ine ndine wa m'boma, wa ana atatu ndi penshoni yoti ndiyiteteze. Madzulo omwewo tidafufuta uthengawo. Wolembayo adandinena kuti ndasanduka wa Special Branch, n'kutuluka pamodzi ndi anzake asanu, awiri mwa iwo opereka ndalama mokhulupirika. Mpaka lero sindidziwa ngati mayi uja adadyadi ndalamazo. Ndidafufuta chifukwa cha mantha, osati chifukwa ndidaweruza mlandu, ndipo ndikakumbukira zimene zidandikopa pachiyambi manyazi amandigwira.

Nkhonya yomaliza idachokera ku Reserve Bank. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Madola 20 omwe aja adasanduka K34,000, nthawi yomweyo imene ufa, sopo ndi thiransipoti zidakwera. Ndidapempha kuti zopereka zifike K5,000. Onse adavomera pamsonkhano. Mwezi wotsatira adapereka anayi.

Amene adakhalapo mu komiti ya mjigo akudziwa nyimbo yake. Tsiku lotsegulira kumakhala nthungululu. Mjigo ukamatulutsa madzi palibe aona chifukwa choperekera, ukathyoka aliyense amafunsa kuti ndalama zidapita kuti. Kusiyana kwake n'koti mjigo ukafa anthu amamva ludzu n'kusonkha msanga. Seva ikafa anthu amangobwerera ku WhatsApp, komwe madzi amaoneka ngati aulere chifukwa wolipira ndi wotsatsa malonda.

Miyezi isanu yomaliza ndidalipira ndekha, mobisa, kufikira mayi a kunyumba atapeza kope lija pofuna chiphaso cha kusikelo cha mwana. Sadakalipe. Adangoliika patebulo pambali pa kalata ya fizi. Tidatseka mu August 2024.

Patangopita miyezi iwiri, chisankho cha ku Mozambique chitabweretsa zipolowe, boma la kumeneko lidatsekereza intaneti ya pafoni ndi masamba a mchezo. Mphwanga adandiimbira. "Mwaona, amalume? Ndi zimene ndinkanena zija." Ndidamuyankha kuti akadula intaneti yonse ndiye kuti ngakhale mudzi wathu sukadafikirika. Adati ndi zoona, koma si nthawi zonse amadula yonse. Tidasiyira pomwepo, aliyense ali ndi mbali yake.

Aphunzitsi aja adatisiya chaka chomwecho mvula itangoyamba. Tisanatseke, mphwanga anali atakopera zonse pa fulashi, ndipo pambuyo pa maliro ndidamupempha kuti apatule zolemba za mdalayo. Ndidakazisindikiza pa shopu ina pamsika, masamba 43, n'kuwapititsa kwa mayi amasiye. Adawatembenuza mmodzimmodzi osawerenga, popeza maso adafooka, kenaka adaitana mdzukulu uja kuti awawerengere ndime ya othawa nkhondo. Pochoka adandifunsa kuti kusindikizako kwadya zingati. Ndidati musadandaule amayi, komiti yalipira. Nditafika kunyumba ndidatsegula kope lofiira n'kulemba K6,450 pansi pa dzina langa.