Tsiku limene laputopu inalemba chinsinsi changa pakhoma

Pepani kuti ndakhala chete kwa masabata angapo, ndinakwiririka ndi mapepala ofunika kuchonga. Lero ndati ndikuuzeni nkhani imene ndakhala ndikuibisa kuyambira mu 2022. Amene munali mu Fomu 3 chaka chimenecho mukuidziwa kale, ndipo sindikukayika kuti munaifikitsa mpaka kumidzi kwanu. Bola enawa aimve kwa mwini wake.

Kwa zaka zambiri ndinali ndi pasiwedi imodzi yokha: dzina la mudzi wa kwathu, kenako chaka chimene ndinayamba ntchito. Imelo, Facebook, kompyuta ya ku ofesi, zonse kiyi wake anali yemweyo. Ndinali nditailembanso kuchikuto cha kope langa lokonzekerera maphunziro, kuopa kuiwala. Musandiseke, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuchitabe zomwezi.

Amene anandichotsa m'chizolowezichi ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kalekale, pano amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni. Mu 2019 anabwera kudzandiona pa holide, n'kundiikira Linux pa laputopu yanga pamodzi ndi kapulogalamu kosungira mapasiwedi kotchedwa pass. Kanalembedwa ndi Jason Donenfeld ndipo kanatuluka mu 2012. Pasiwedi iliyonse imakhala mu fayilo yakeyake yokhomedwa ndi GnuPG, ndipo mafayilo onsewo amakhala mu foda imodzi. Pa mzere woyamba wa fayilo pamakhala pasiwedi, m'munsimo umalembamo dzina lolowera ndi zina zimene ukufuna. Iwe m'mutu umangosunga mawu amodzi otsegulira zonsezo. Tsiku limenelo tinasintha mapasiwedi anga onse, iliyonse inakhala ya zilembo 20 zosakanikirana ndi manambala, zoti ngakhale ine sindingaziloweze.

Vuto linali pa kagwiritsidwe ntchito. Ukafuna pasiwedi, pass amaikopera ku clipboard, malo aja amene kompyuta imasungako kwa kanthawi chinthu chimene wakopera, ndipo pakatha masekondi 45 amaifufuta. Ine masekondi 45 ankandithera ndikufunafuna pamene pali mausi. Komanso masamba ena a pa intaneti amakana kumata, amafuna kuti utayipe ndi manja. Mnyamata uja anandionetsa passmenu, script yaifupi imene imabwera limodzi ndi pass. Ukadina mabatani amene unasankha, pamwamba pa sikirini pamatuluka kamzere ka dmenu kokhala ndi mayina a mapasiwedi ako onse. Usankhapo limodzi, ndipo imakopera, kapena ukaiuza, imatayipa yokha pogwiritsa ntchito kachida kena kotchedwa xdotool, kamene kamatumiza zilembo ngati kuti pali munthu amene akudina kiyibodi.

Apa m'pamene mphunzitsi wa makompyuta mwa ine anadzuka. Ndinali nditawerenga za KeePass, pulogalamu ya pa Windows imene Dominik Reichl anaiyamba mu 2003, kuti ili ndi Auto-Type imene imatayipa dzina lolowera, kudina Tab, kutayipa pasiwedi, kenako kudina Enter. Ndinati nanenso ndikufuna zomwezo. Loweruka lina ndinakhala pakhonde mpaka batire inatha, ndikuwonjezera mizere ingapo mu script ija. Itagwira ntchito ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Iwo anangoti, "Ndiye mwapindulapo chiyani?" n'kubwerera kukhitchini. Koma ine ndinanyada. Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti ana sakanathanso kuyang'anitsitsa zala zanga ndikamalowa mu imelo m'kalasi, paja ena a inu maso anu ndi akuthwa kuposa a mphamba.

Zaka zitatu inanditumikira osandikhumudwitsa.

Tsikulo linali Lachitatu, piriyodi ya pambuyo pa buleki. Ndinali nditalumikiza laputopu ku purojekita, ndipo pakhoma pankaoneka manotsi amene ndinalemba mu LibreOffice Writer, zilembo zikuluzikulu kuti a kumbuyo aziona. Ndinakumbukira kuti ntchito imene ndinkafuna kuwapatsa inali mu imelo. Ndinatsegula tsamba lolowera, koma nthawi yomweyo mwana wina anandifunsa za mzere wina wa m'manotsi, ndiye ndinadina pa manotsiwo kuti ndimulozere. Nditamuyankha, zala zinangochita zimene zinazolowera. Ndinadina mabatani anga aja, ndinasankha imelo, n'kutembenuka kuyang'ana kalasi monga munthu wodziwa zimene akuchita.

Kalasi yonse inali zii. Kenako mtsikana wina wa kutsogolo anakweza mkono.

"Aphunzitsi, zimenezonso tikopere?"

Nditacheuka ndinaona adiresi yanga ya imelo pakhoma, kampata, kenako zilembo zonse 20 zija, zazikulu ngati chikwangwani cha pa golosale. Ndipo funso la mtsikanayo linabwera mochedwa, chifukwa ana oposa 60 anali atawerama kale ndi zolembera. Ndife tomwe tinawaphunzitsa kuti chilichonse chimene chaoneka kutsogolo azilemba.

Thukuta linandituluka. Mu imelo imeneyo munali mafunso a mayeso a kumapeto kwa teremu amene ndinali nditatumiza kwa mkulu wa dipatimenti yathu, ndipo ena anali a kalasi yomweyo. Munalinso malikisi a makalasi atatu. Choopsa kuposa zonse, aliyense wolowa mu imelo yako akhoza kupempha masamba ena onse kuti amutumizire njira yosinthira mapasiwedi ako. Mafoni ndi oletsedwa pasukulu, inde, koma tonse tikudziwa zimene zimakhala m'masokosi. Ndinazula chingwe cha purojekita, ndinauza mtsogoleri wa kalasi kuti aliyense akhale pamalo pake, n'kuthamanga ndi laputopu kupita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa laibulale, pamene netiweki imagwirako bwino. Panatenga mphindi pafupifupi 20 kuti pasiwedi isinthike. Ndinayang'ana mndandanda wa zida zimene zinalowa mu akaunti, ndinapeza laputopu yanga ndi foni yanga basi.

Ndikanatha kukhala chete, ndipo ndinaganizadi zotero. Koma mafunso a mayeso sanali anga ndekha, ndiye madzulo ndinagogoda kwa ahedi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti makinawo analemba okha?" Ndinati, "Eya bwana, koma amene anawauza kuti azitero ndine." Tinagwirizana kuti ndikonze mafunso ena ngakhale panalibe umboni woti wina anawaona. Ndinagona mochedwa masiku awiri.

Tsopano kwa inu amene mumakonda kudziwa chimene chinalakwika. Script ija sinalakwitse kanthu. Kachida ka xdotool kalibe maso. Kamatumiza zilembo ku windo iliyonse imene ikulandira za pa kiyibodi nthawi imeneyo, kaya ndi tsamba lolowera, kaya ndi manotsi, ndipo ine ndinali nditadina komaliza pa manotsi. Nditabwerera kukawerenga za KeePass modekha, ndinapeza gawo limene ndinalidumpha. Ukadina Ctrl, Alt ndi A, iyo imayamba yaona mutu wa windo imene ili patsogolo n'kufufuza pasiwedi yogwirizana ndi mutuwo. Ikapanda kuipeza, siitayipa. Ine ndinatengera kutayipako, koma kuyang'anako ndinakusiya, ngati mwana wokopera yankho osaona njira yake.

Ndinakonza zinthu ziwiri. Script yanga tsopano imayamba yafunsa xdotool dzina la windo imene ili patsogolo, n'kuliyerekeza ndi mzere umene ndinawonjezera mu fayilo ya pasiwedi iliyonse. Zikasiyana, imakana. Chachiwiri, ndinachotsa Enter. Usiku wa tsiku lija, ndili gone, ndinakumbukira kuti nthawi zambiri pa laputopu pamakhala potsegula WhatsApp ya gulu la aphunzitsi. Zikanakhala kuti ndinadina komaliza pamenepo, pasiwedi ikanagwera m'malo olembera uthenga, kapena Tab ikanaiponyera kwina kumene sindikudziwa, ndipo Enter ikanamaliza ntchito ine ndisanaphethire. Manotsi ndinawafufuta, koma uthenga umene anthu 30 auona kale suufufuta m'mitu mwawo. Pano Enter ndimadina ndekha, nditaona ndi maso anga pamene zilembo zagwera.

Ndisakunamizeni kuti tsopano zonse zili bwino. Mutu wa windo si umboni weniweni, chifukwa tsamba la akuba likhoza kudzipatsa mutu uliwonse umene likufuna. Zowonjezera za mu browser zimaposa apa, popeza zimayang'ana adiresi yeniyeni ya tsambalo. Mnyamata uja anandiuzanso kuti pa Linux zambiri zatsopano, zimene zimagwiritsa ntchito Wayland, xdotool sathanso kutayipa m'mawindo ambiri, ndipo anachita dala kuti pulogalamu ina isamalowerere mu inzake. Poyamba ndinkaona ngati n'kuvutitsa anthu. Pano ndimawamvetsa. Komabe script yanga sindinaitaye. Ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, kupatula pamene chingwe cha purojekita chili cholumikiza.

Chaka chatha ndinakumana ndi mtsikana uja mu minibasi, pano ali ku koleji. Atandipatsa moni anayamba kuseka yekha. Akuti posamuka anapeza kope lake la Fomu 3, ndipo pakati pa manotsi a tsiku limenelo pali adiresi yanga ndi zilembo 20 zija, zolembedwa mwaukhondo, atazidula mzere kunsi ndi rula. Akuti ankaganiza kuti zibwera pa mayeso. Ndinamufunsa ngati anazikopera molondola, iye anati adzanditumizira chithunzi kuti ndichonge.