Nyenje za m'kabokosi

Mu foni yanga muli fayilo imodzi imene sinditsegula pamaso pa anthu. Ndi ya mphindi 14. Mukaitsegula mumva mayi wokalamba akukamba Chinsenga, koma mawu ake amveka monga munthu amene walowetsa mutu mumgolo wa madzi. Amene anawalowetsa mumgolomo ndine. Ndipo chimene chinandinamiza ndi kabokosi kochepa ngati paketi ya fodya, kamene ndinagula ndi ndalama yosunga miyezi itatu.

Ndimathandiza pa wailesi ina ya kuno kwathu kum'mawa, modzipereka chabe, kulibe malipiro. Amene munagwirako ntchito yotere mudziwa mmene zikhalira. Mahedifoni a mu situdiyo ndi amodzi, siponji yake inatha kalekale, waya wake ndi womanga ndi tepi, ndipo aliyense awafuna nthawi imodzi. Choncho mapulogalamu anga ndimakonzera kunyumba pa laputopu yakale. Koma kunyumba nako kuli chigayo kuseri kwa mpanda, kuli ana, kuli tambala wa aneba amene sadziwa nthawi. Ndiye ndinagula tumahedifoni tuja tolowa m'kati mwa khutu, ma IEM, tofanana ndi tumene oimba amavala pa siteji kuti azidzimva okha. Kale tunali twa anthu a ndalama. Masiku ano makampani a ku China monga KZ, Moondrop ndi 7Hz apanga twa mtengo woti ngakhale ife tingakwanitse. Tsiku loyamba kutuvala ndinamva munthu akukoka mpweya asanayambe kukamba, chinthu chimene sindinali kumva pa mahedifoni a pa msika. Chigayo chija chinapita kutali.

Munthu ukalawa chabwino, mtima sukhala pansi. Ndinayamba kuwerenga pa intaneti usiku, mabandulo akutha, ndipo paliponse anthu anali kunena kuti ma IEM opanda ampulifaya ndi kuwononga ndalama. Ndinatuma msuweni wanga amene amapita ku Lusaka kukaoda katundu. Anabwera nako kabokosi ka batire, kokhala ndi kopotokola voliyumu ndi kagetsi ka buluu, dzina lake losadziwika. Nditalumikiza, nyimbo zinakwera, ng'oma ya amapiano inagunda mpaka m'mano. Ndinati basi, ndafika.

Mu Okutobala 2023 ananditumiza kwa Luembe kukajambula pulogalamu ya alimi ndi njovu. Amene simunafikeko: mukafika pa boma la Nyimba, paja azimayi agulitsa nthochi m'mbali mwa Great East Road, mumasiya tala n'kuyamba kutsika kulowera ku chigwa cha Luangwa. Ine ndinapita pa honda, fumbi mpaka m'makutu. Okutobala wa kuchigwa si wa masewera. Mpweya umakhala ngati watuluka mu uvuni, ndipo nyenje zimalira mumitengo kuyambira m'mawa osapuma.

Ndinakamba ndi abambo angapo, onse madandaulo amodzimodzi: walima, walimira, njovu zabwera usiku umodzi, munda wasanduka bwalo. Madzulo, ndili pafupi kulongedza, wina anati ndikaonane ndi ambuya ena amene anali kukhala pansi pa mtengo wa mango. Anayamba mwamanyazi, akuyang'ana kamaikolofoni kamene ndinawapanika pa bulauzi. Kenaka anamasuka. Anakamba mmene anali kulondera mapira ali mtsikana, atakwera pa nsanja usiku, moto uli pansi, chitini ndi ndodo m'manja. Anati njovu suimva ikubwera, umangomva m'mimba mwake mukuguguda. Pomaliza, osapemphedwa, anaimba kanyimbo kamene anali kuimba pa nsanjapo kuti mantha achoke, ndipo atatha anaseka okha. Ndinabwerera ndikudziwa kuti ndanyamula chinthu.

Kunyumba ndinaika fayilo mu Audacity, kabokosi kanga pakati, ma IEM m'makutu. Pansi pa mawu a ambuya panali sssss yosalekeza. Ndinati ndi nyenje zija, nanga n'chiyaninso? Audacity ili ndi chida chochotsera phokoso: umasankha kachigawo kamene munthu sakukamba, makina aphunzira phokosolo, kenaka alichotsa mu fayilo yonse. Ndinachita. Sssss inalipobe. Ndinakweza mphamvu, ndinabwereza. Inalipobe. Kachitatu ndinakweza mpaka pamene wina aliyense wodziwa akanandigwira dzanja. Nthawi inali itapita, pulogalamu inali kufunika m'mawa, ndipo makutu akatopa amavomera chilichonse. Ndinasunga, ndinatumiza. Pambuyo pa sabata foni inandiuza kuti malo atha, ndipo ndinafufuta zojambula zoyambirira zonse za ulendo uja. Ndinati kaya, zokonzedwa ndili nazo.

Pa tumawailesi twa mabatire twa kumudzi palibe amene anadandaula. Nkhani inabwera mvula itayamba. Mnyamata wina anafika pa situdiyo ndi kamemori khadi m'thumba la shati. Ambuya aja anali atamwalira, ndipo banja linamva kuti mawu awo ali kwa ife. Ndinamuikira, ndinamupatsa mahedifoni a tepi aja kuti amveko. Anamvetsera kwa kanthawi, kenaka anachotsa khutu limodzi n'kufunsa, "Akulu, awa ni ambuya?" Sanali kunyoza. Anali kufunsa zoona.

Amene ananditsegula maso ndi amdala ena amene amabwera kudzatikonzera makina akafa. Ndinawafotokozera za nyenje zokana kuchoka. Anati ndibweretse zida zanga zonse. Nditalumikiza n'kuyamba kuliza, anati, "Imitsa." Ndinaimitsa. "Manje ukumva chani?" Sssss. Fayilo itaima, palibe chikulira, koma nyenje zanga zili m'makutu. Anatulutsa waya mu kabokosi n'kuulowetsa mu laputopu mwachindunji. Zii. Sananene kanthu, anangondibwezera kabokosiko.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva ukachidziwa. Ampulifaya iliyonse ili ndi kaphokoso kakekake kamene imatulutsa ikangoyaka, ngakhale palibe nyimbo. Yopangidwa bwino kaphokosoko kamakhala pansi kwambiri, yopangidwa mwachisawawa kamakwera. Mahedifoni aakulu amafuna magetsi ochuluka kuti alire, choncho kaphokoso kakang'ono sikawagwedeza. Koma ma IEM amalira ndi kamagetsi kochepetsetsa, ndipo akhala pafupi ndi ng'oma ya khutu, atatseka kunja konse. Chilichonse chimene ampulifaya yatulutsa, iwo akupatsira. Ine ndinali kumenyana ndi phokoso limene mu fayilo munalibe, ndipo chida chija, posowa nyenje zoti chidye, chinadya mpweya wa ambuya, ma s ndi ma f awo, ndi kunjenjemera kwa mawu awo poimba.

Zitatero ndinafuna kudziwa ngati ampulifaya ili ndi phindu lililonse pa tumahedifoni totere, kapena tonse tinangopusitsidwa. Loweruka lina tinakhala kuseri kwa shopu ya mnzanga wokonza mafoni ndi zinthu zinayi: kabowo ka mahedifoni ka pa Tecno yanga, kabokosi kaja, ka dongle ka Apple kolowa pa USB-C, ndi FiiO A3 yobwereka kwa mnyamata amene amaliza kiyibodi ku tchalitchi.

Choyamba chimene amdala aja anandichenjeza ndi voliyumu. Khutu la munthu limakondera chokwera. Akatswiri awiri a ku America, Fletcher ndi Munson, anaonetsa kale mu 1933 kuti mawu akakhala otsika, khutu silimva bwino mabezi ndi mawu opyapyala a pamwamba, ndipo akakwera zonsezo zimatulukira. Ndiye ukalumikiza ampulifaya, nyimbo n'kukwera pang'ono chabe, umalumbira kuti bezi yawonjezeka. Ndi zimene zinandichitikira tsiku loyamba lija. Choncho tinapanga kamluzu ka liwu limodzi mu Audacity, mnzanga anayeza magetsi otuluka pa chida chilichonse ndi mita yake, tinazilinganiza zonse. Kenaka ndinatembenukira kukhoma, iye akusinthasintha waya kumbuyo kwanga, ine ndikutchula chimene ndikuganiza kuti ndikumva.

Kabokosi kanga sindinakaphonye ngakhale kamodzi. Nyenje zinali kukaulula nyimbo isanayambe n'komwe. Kanali ndi vuto linanso: popeza ma IEM safuna mphamvu yambiri, kopotokola kanali kukhala pansi penipeni, ndipo pamenepo khutu lamanzere linali kumva kwambiri kuposa lamanja. Foni ikafuna kulira, kanali kuyamba kaye dididi-dididi.

Pakati pa dongle ndi FiiO ndiye ndinachita manyazi. Ndinali kunena molimba mtima kuti iyi ndi FiiO, mawu ake ndi otakasuka, mnzanga n'kuseka kumbuyo. Ndinalondola kwina, kuphonya kwina, monga munthu woponya kobiri. Zonse ziwiri zinali zii pansi, mawu oyera, bola FiiO ikhale pa gain yotsika ndi kabatani ka bezi kozimitsa. Chinthu cha batire yake, cholemera m'thumba, ndi kawaya kotalika ngati chala, makutu anga analephera kuzisiyanitsa. Ngakhale kabowo ka pa Tecno sikanali kutali monga ndinali kuganizira. Ndinakazindikira kangapo pa nyimbo za bezi yambiri, pa mawu a munthu wokamba ayi.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sakuuzani, chifukwa ambiri sachidziwa. Ma IEM ambiri ali ndi ma ohm ochepa, 16 kapena 32. Chida chimene mwawalumikizako nacho chili ndi ma ohm ake potulukira, ndipo odziwa amalangiza kuti a chidacho asapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a ma ohm a mahedifoni. Ndiye kuti IEM ya ma ohm 16 ifuna chida cha ma ohm 2 kapena kucheperapo. Zikapanda kutero, makamaka pa ma IEM okhala ndi tumasipika tungapo m'kati, mawu amapendekeka, mbali ina kukwera, ina kutsika. Kwa womvera nyimbo mwina zingamukomere. Kwa ine amene ndikonza mawu oti anthu ena akamve, chida chondinamiza n'choipa kuposa chida chofooka.

Ndisaipitse ampulifaya monga ilibe ntchito. Mnyamata wa kiyibodi uja ali ndi Beyerdynamic DT 770 Pro ya ma ohm 250. Titaiika pa Tecno inali kulira ngati ili m'chipinda china. Pa dongle inayesako, koma voliyumu inafika kumapeto. Pa FiiO inadzuka. Apo ndiye pamene kabokosi ka batire kali ndi malo ake. Ine ndinagulira njinga yakapalasa injini ya thirakitala.

Chimene chinasintha mawu kuposa zida zinayi zonse chinali kalabala. Tumalabala tuja twa kunsonga, tumene timataya ndi katoni yake. Ndinali kuvala twapakati chifukwa ndi tumene tunabwera tutaikidwa kale. Mnzanga anandiuza ndiyese tokulirapo. Khutu linatsekeka bwino, bezi imene ndinali kuifuna ku Lusaka inali m'kathumba ka pulasitiki m'dirowa yanga.

Ndipo kutseka kumeneku n'kumene kumapulumutsa makutu. Mu minibasi, kondakitala akukuwa, sipika ya dalaivala ikulira, munthu wa tumahedifoni tosatseka amakweza mpaka kumapeto kuti apambane phokoso. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvetsere pa ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata osavulala, ndipo mukakweza, maolawo amagwa msanga kwambiri. Limatinso achinyamata opitirira 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa ngozi yoononga makutu chifukwa cha kamvedwe kotere. Ma IEM otseka bwino amakulolani kutsitsa. Koma muwaike pa ampulifaya yamphamvu, kopotokola kakhulike m'thumba la jini, mudzadziwa. Zinandichitikira kamodzi ndili pa honda, ndipo khutu lamanja linalira lokha mpaka mawa lake. Ntchito yanga ndi makutu, tsiku limenelo ndinaopa zoona.

Lero ndikamva phokoso pokonza pulogalamu, dzanja limapita lokha pa batani loimitsa. Ndikatha kukonza ndimamvetseranso pa kawailesi ka amayi ka mabatire, chifukwa ndi pamene anthu a kwa Luembe adzamvera. Zojambula zoyambirira ndimazikopera pa fulashi ndisanakhudze chilichonse. Kabokosi kaja kali pa shelefu, sindinakagulitse, sindifuna kupatsira wina nyenje zanga.

Mwezi watha ndinali kufunafuna nambala ina mu WhatsApp, ndinapeza uthenga umene ndinatumizira mnzanga wa mafoni uja madzulo a tsiku la kwa Luembe, netiweki itangobwera pafupi ndi tala. Ndinali nditaiwala. Ndinadula kachigawo kochepa kuchokera mu chojambula choyambirira, masekondi 11, n'kulemba pansi kuti tamvera izi. Ndi kumapeto kwa nyimbo ndi kuseka kuja. Ndinakaliza pa dongle, usiku, chigayo chitazima. Nyenje zilimo ndithu, zenizeni, koma zili kutali kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo siziphimba kanthu. Ndinakatumiza kwa mdzukulu uja. Anayankha m'mawa ndi mawu awiri: "Ni iwo."