Fodya wapachala ndi wamphepo

Kuno ku England, mwezi wa Ogasiti uli ndi Lachinayi limodzi limene makolo a ana a zaka 18 sitiona tulo. Ndi tsiku lotuluka zotsatira za A-level. Anzathu a ku Scotland lawo limafika msanga, koma kugunda kwa mtima n'kumodzimodzi. Ndikulembera makamaka inu amene mwana wanu ali m'chaka chomaliza, chifukwa ambirife tinakulira m'dongosolo lina, ndipo la kunoli timaliphunzira zitatigwera kale.

Kwathu ku Malawi zimayenda molunjika. Umalemba MSCE, MANEB n'kutulutsa zotsatira, kenako umadikira kuti dzina lako lituluke pamndandanda. Ukamva kuti uje wasankhidwa kupita ku Chanco kapena ku Bunda, ndiye kuti nkhani yatha, kwatsala n'kugula sutikesi. Kuno ngolo imatsogola, ng'ombe pambuyo. Mwana amafunsira malo kudzera ku UCAS asanalembe n'komwe mayeso, ndipo amaloledwa kusankha maphunziro osapitirira asanu. Yunivesite imayang'ana magiredi amene aphunzitsi akuyembekeza kuti adzapeza, n'kumulonjeza malo. Koma lonjezolo lili ndi "ngati" wake: ngati udzapeze magiredi akutiakuti, bwera. Imeneyo ndiyo amati conditional offer. Pa malonjezo amene walandira, mwana amagwira awiri okha, loyamba lotchedwa firm ndi lina lodzitchinjirizira lotchedwa insurance.

Chisamba changa, mtsikana wofatsa amene anabwera kuno ali ndi zaka zinayi, ankafuna kuphunzira pharmacy. Yunivesite ya kumtima kwake inafuna AAB. Yachiwiri inafuna ABB, koma inanenetsa kuti Chemistry isatsike pa B. Malonjezowa atangobwera, nkhani inauluka pa WhatsApp mpaka ku Ntcheu, ndipo "ngati" uja anagwera panjira. Agogo ake anamva kuti mdzukulu wasankhidwa, nauza amvano anzawo onse. Amalume ake ku Johannesburg anayamba kale kumutcha dokotala.

Lachinayi lija ndinali nditangoweruka ntchito ya usiku. Itakwana 8 koloko mmawa, anatsegula UCAS pafoni, ndipo sanayankhule kanthu. Anangondipatsa foniyo. Malo onse awiri anali atapita. Kusukulu tinakalandira envelopu: Biology A, Maths B, Chemistry C. Chilembo chimodzi basi. M'galimoto ananena mawu amene mpaka lero amandilasa: "Amayi, agogo ndikawauza chiyani?" Sanafunse za tsogolo lake ayi. Chimene chinamulemera ndi manyazi, ndi maso a anthu amene amadziwa kuti makolo ake amagwira ntchito usiku ndi usana kuti iye aphunzire.

Ndinamuuza kuti za agogo andisiyire ine, iye atenge cholembera. Foni yanga inali ikungolira, mauthenga a "zayenda bwanji?" ali mbwee. Ndinaizimitsa n'kuiponya m'chikwama. Tsiku limenelo si la maliro, ndi la ntchito, ndipo maola ake ndi ochepa.

Mphunzitsi wake wa Chemistry anatikhazika pansi n'kutiyalira njira zimene zinalipo. Yoyamba, kuimbira yunivesite imene yakukana, chifukwa zotsatira amazilandira masiku angapo ana asanazione, ndipo nthawi zina amatenga mwana amene waphonya pang'ono, kapena kumupatsa maphunziro ena oyandikana nawo. Yachiwiri, kupempha kudzera kusukulu kuti bungwe la mayeso liunikenso kachongedwe ka pepala. Anatichenjeza kuti giredi itha kukwera, kukhala pomwepo, kapenanso kutsika, ndipo popeza mamalikisi a mwanayu anali kutali ndi malire a B, sanatilimbikitse. Yachitatu, kubwereza mayeso mu Meyi ndi Juni chaka chotsatira. Yachinayi, Clearing, msika wa malo otsala, umene umatsegulidwa mu Julayi n'kutsekedwa mu Okutobala, koma malo abwino amatha m'masiku oyambirira zotsatira zikangotuluka.

Pa Clearing pali lamulo limene limatipweteka ife makolo a Chimalawi, amene tinazolowera kuyankhulira ana athu: woimba foni ndi mwana mwiniwake. Amafuna kumva mawu ake, nambala yake ya UCAS, magiredi ake, ndi chifukwa chimene akufunira maphunzirowo. Abambo ake anakhala pakompyuta kufufuza mayunivesite amene anali ndi malo, ine ndikulemba manambala papepala, iye akuimba. Foni yoyamba mawu ankanjenjemera, ndipo anakanidwa. Yachiwiri anadikira nthawi yaitali pamzere n'kuuzidwa kuti malo atha. Ndinamuphikira phala, anadya supuni ziwiri. Pofika yachisanu, mawu anali atakhazikika, ndipo ndinamumva akufotokoza za Loweruka lililonse limene ankathandiza m'sitolo ya mankhwala ya m'dera lathu. Ndinatuluka kupita kukhitchini kuti asaone misozi yanga.

Anapatsidwa malo awiri pakamwa. Ena anali a maphunziro a sayansi a zaka zitatu, oti akanayamba limodzi ndi anzake popanda wina kudziwa kuti panagwa kanthu. Ena anali a pharmacy yomweyo, koma kuyambira chaka chokonzekera chimene amati foundation year, kutanthauza zaka zisanu m'malo mwa zinayi, mumzinda umene sitinaupondepo. Chaka choonjezera si masewera. Mu 2025 fizi ya yunivesite ku England inafika £9,535 pachaka, osawerengera nyumba ndi chakudya, ndipo ngongoleyo imakhala pamutu pa mwana. Abambo ake anaona kuti yachiduleyo ndi yanzeru. Iye anati, "Adadi, ndikufuna kudzakhala pharmacist, osati kungovala gauni." Tinagonera nkhaniyo usiku umodzi, m'mawa mwake anaika chisankho chake pa UCAS. Kenako panali kudziwitsa a Student Finance za kusinthako ndi kuthamangira chipinda chogona, poti obwera kudzera pa Clearing amapeza zambiri zitatengedwa.

Agogo ndinawaimbira Lamlungu, zonse zitakhazikika. Ndinawafotokozera mwachimvekere kuti sukulu ija inalonjeza koma malikisi anaperewera, ndipo mdzukulu wapeza ina, adzatha chaka chimodzi mochedwerapo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Nanga chaka n'chiyani? Amalume akewo anabwereza Sitandade 8 kawiri, lero si awo akutitumizira feteleza?" Anapempha kuyankhula naye, ndipo ndinamva kuseka kuchipinda koyamba chiyambire Lachinayi. Chiweruzo chimene mwanayu ankachiopa kwambiri sichinachoke kumudzi. Mafunso olasa anachokera kuno konkuno, pakhomo la tchalitchi, kwa ife tomwe amene timapikisanitsa ana athu ngati nkhuku za pamsika.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Conditional offer ndi fodya wapachala. Mwana wanu akailandira, kondwerani naye, koma pouza abale musaiwale kunyamula "ngati" wake. Onetsetsani kuti insurance ikufunadi magiredi otsikirapo, makamaka paphunziro limene limamuvuta. Sabata yoti zotsatira zituluka, khalani naye pansi mulembe mayunivesite ena atatu kapena anayi ndi manambala awo, ngakhale mutakhala ndi chikhulupiriro chotani. Pemphani tchuthi kuntchito tsikulo, ndipo ulendo wa kumudzi musauike sabata imeneyo.

Ndipo mwana wa mnzanu akakhala chete pagulu la WhatsApp tsiku la zotsatira, musamufunse kuti wapeza zingati. Tumizani uthenga kwa amayi ake wongoti tilipo, kapena pitani ndi mbale ya mandasi. Adzakuuzani okha akapuma.